Njira yopita kuthanthwe imadutsa m'munda mwa munthu

Ukatsika minibasi pa Chitakale nkukwera kabaza kulowera msewu wa ku Phalombe, sipapita nthawi Chambe amatulukira kudzanja lamanja. Sindikunena phiri lonse la Mulanje ayi, ndikunena chikhoma chija cha mwala wokhawokha, chotuwa, chokhala ndi mizere yakuda momwe mumatsikira madzi nthawi ya dzinja, choti ukachitsatira ndi maso kuchokera pansi mpaka pamwamba khosi limachita kuwawa. Ine ndinakulira mmunsi mwa phiri limeneli ndipo ubwana wanga wonse chikhomacho chinali chinthu choti chilipo basi, mmawa chimatchinga dzuwa madzulo chimafiira, palibe olo mmodzi anandiuzapo kuti kuli anthu omwe amakwera ndege kuchoka kutali kudzakwera pamenepo ndi manja ndi miyendo. Ndinadzazidziwa ndili wamkulu kale, ndikugwira ntchito ku Blantyre, ndipo wondiuzayo anali mlendo. Zimenezi zimandiwawabe mpaka lero.

Anthu ambiri akamva zokwera Mulanje amaganiza za Sapitwa, nsonga ija ya mamita 3,002, koma uko kwambiri kumakhala kuyenda, kutuluka thukuta, kukwawa pamiyala penapake mpaka wafika. Zomwe ndikunena ine ndi zina. Mbali ya kumadzulo ya Chambe ndi yotalika pafupifupi mamita 1,700 ndipo okwera matanthwe amaiwerengera mgulu la makoma ataliatali kwambiri mu Africa muno. Chapakati pali malo otakasuka omera udzu ndi timitengo omwe amagawa khomalo pawiri. Frank Eastwood ndi Ian Howell analikwera molunjika mchaka cha 1977, ndipo Eastwood yemweyo ndi amene analemba buku lolongosola njira za mphiri la Mulanje lomwe alendo akhala akuyenda nalo kwa zaka zambiri. Mwala wake ngosalala, ming'alu yoti ulowetse chala njochepa, nde malo ambiri umangodalira kuti nsapato imamatire pamwala ndi zitsotso za zomera zomwe zinadzimerera pamenepo.

Ine Chambe sindinamukwere mpaka pamwamba ndipo mwina sindidzamukwera, ndimakwera timatanthwe tating'ono ta mamita makumi awiri kapena atatu. Tsiku loyamba ndimalikumbukira bwinobwino. Anandiveka lamba wa mchiuno ndi mntchafu uja amati hanesi, nkumanga chingwe mfundo yonga nambala 8, mnzanga atagwira mbali inayo pansi. Nditafika chapakati mwendo wakumanzere unayamba kunjenjemera wokha osaumva, tsaya nditaligunditsa pamwala wotentha, ndikumva fungo la ndere youma ndi thukuta langa lomwe, ndipo pansi mnzangayo amangoti, "Achimwene, imirirani pamwendo, chingwe ndagwira ine, musaope." Ndinaimirira. Nditafika pamwamba ndinaona minda ya tiyi itayala mpaka uko, utsi ukufuka mmidzi, ana akubwera kusukulu ali ting'onoting'ono, dera lomwe ndinabadwira koma ndikuliona koyamba kuchokera pomwe limaonekera kwa khungubwe. Kuyambira tsiku limenelo ndimafuna mwana aliyense wa kwathu adzaimeko pamalo ngati amenewo.

Nde ndikamamva anzanga okwera matanthwe akudandaula kuti tsiku lina adzatitsekera njira, ndimagwirizana nawo pa mantha koma timasiyana pa mankhwala ake. Iwo amakamba za zilolezo, makalata opita ku boma, mamapu a pa foni, mabawuti atsopano, tizitsulo tomwe timalowetsa mumwala titabowola kuti tizikolekapo chingwe. Ine ndikuti njira yopita kuthanthwe siiyambira pathanthwe, imayambira pabwalo la munthu, imadutsa mmunda mwa munthu, imaoloka mtsinje womwe munthu amamwa, ndipo munthu ameneyo akapanda kuona kuti thanthwelo ndi lakenso, palibe kalata yomwe ingatipulumutse.

Ndikuuzeni zomwe zinatichitikira. Pali kathanthwe kena mmunsi mwa phiri, sinditchula mudzi wake, komwe timakonda kupita Loweruka kagulu kathu kochokera mtauni. Tsiku lina tinafika nkupeza njira yathu itatsekedwa ndi nthambi za minga, zounjika mwadala osati zongogwa. Kamnyamata kena komwe kamadyetsa mbuzi pafupi kanangoti amfumu aletsa. Anzanga ena anapsa mtima pomwepo, ati mwala ndi wa Mulungu, ati tawononga mafuta kuchoka ku Blantyre, wina mpaka anayamba kukoka mingayo. Ndinamuletsa nkupita pakhomo loyandikira, pomwe ndinapeza mayi wachikulire akusenda chinangwa pamkeka. Ndinaodira, ndinanjuta, tinapatsana moni, kenaka ndinafunsa kuti, "Anganga, talakwanji kuti mutitsekere njira?"

Sanayankhe msanga. Anamaliza kaye kusenda chomwe chinali mmanja, nkuchiponya mubeseni. "Mwanangu, inu mukabwera kuno mumayang'ana kumwamba kokhakokha. Munayamba mwayang'anapo chomwe mukuponda?" Anadzuka nkunditengera kumunda kwawo, ndipo zomwe ndinaona zinandichititsa manyazi. Njira yachidule yomwe ife tinaitsegula tokha ndi mapazi athu inadula mizere pakati, nandolo atathyoka mbali zonse, mzere umodzi utaphwasuka moti madzi a mvula anapeza podutsira nkukumba kangalande mpaka kumunsi. Kumtsinje komwe amayi amatunga madzi anandilozera kuseri kwa mwala, mapepala a kuchimbudzi ali mbwee. Sindikudziwa kuti anali athu kapena a gulu lina, koma kwa iwo tonse ndi amodzi, anthu a zingwe. Kenaka ananena chachikulu, chomwe chinafikitsa nkhani kwa amfumu, kuti sabata yapitayo kunamveka kulira kwa makina obowola mwala mbali ya kuphanga, komwe makolo awo ankathira nsembe ndipo ena amapitabe mpaka lero mvula ikavuta. Palibe anapempha. Palibe olo anafunsa kuti phangali ndi lachani.

Tinabwerera osakwera tsiku limenelo. Patapita masabata awiri tinapita anthu atatu kwa amfumu, osanyamula zingwe, titanyamula chopepesera monga mwa mwambo, ndipo tinakhala pansi nthawi yaitali kumvetsera. Anatidzudzula pamaso pa nduna zawo mpaka tinazimva, akuti galimoto mumaimika pabwalo ngati pa depoti, moni osapereka, ana athu mumawajambula osapempha. Zonse zinali zoona. Pamapeto anatilola kubwereranso koma njira inasintha, pano imazungulira mmalire mwa munda nde ndi yaitaliko, timayenda ndi anyamata awiri a mmudzimo ndipo timawalipira, mayi aja tinawabwezera za nandolo wawo. Mbali ya kuphanga inatsekedwa mpaka lero ndipo ndi komwe kunali mwala wokoma kuposa ponse. Mnzathu wina sanabwererenso, amati tinagonja msanga. Ine ndimati amfumu analondola, ndipo akanakhala ouma mtima akanatseka thanthwe lonse, ifeyo tikanakadandaula kwa ndani?

Tsono wina anena kuti zimenezo nza kathanthwe ka mmudzi, Chambe ali mnkhalango ya boma, amfumu sizikuwakhudza. Papepala nzoona. Phiri la Mulanje linakhala nkhalango yotetezedwa ndi boma mchaka cha 1927, pa Likhubula pali ofesi ya zankhalango pomwe umalembetsa nkupeza gayidi ndi onyamula katundu, pamwamba pali tinyumba togona alendo monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo ndi Sombani, ndipo a Mountain Club of Malawi akhala akuthandiza kutisamalira kwa zaka zambirimbiri. Dongosolo lilipo. Koma tandiuzani, pepala lomwelo linaupulumutsa mkungudza? Mtengo womwe unalengezedwa kuti ndi mtengo wa fuko mchaka cha 1984, womwe mwachilengedwe umamera mphiri la Mulanje mokha padziko lonse, unatha tikuona ndi maso, moti kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Tonse okulira kumeneko tinawaona anyamata akutsika phiri matabwa ali pamutu, opanda nsapato, mapewa atachita zipsera, akulandira ndalama yogulira ufa wa masiku awiri pomwe matabwawo akukapanga zitseko zonunkhira za anthu olemera mtauni. Lamulo linalipo, ageti analipo, koma munthu wa mmunsi mwa phiri sanaone chomwe mtengo woimirira ukumupatsa, anaona chomwe mtengo wogwa ukumupatsa. A Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anzawo akuyesetsa kubzalanso ndipo mbande zambiri zimafesedwa ndi anthu a mmidzi momwemo nkugulidwa, apo ndi pomwe zinthu zinayamba kumveka, munthu akaona kuti mbande ndi ndalama amaithirira.

Amene amakhala ku Blantyre angoyang'ana phiri la Ndirande. Akuluakulu amakumbuka lili ndi mitengo thithithi, lero ndi minda ndi miyala mpaka pamwamba. Nalonso linali ndi pepala lake.

Thanthwe silingadulidwe ndi nkhwangwa, koma lingatsekedwe ndi mpanda, ndipo apa mpomwe ndimada nkhawa kwambiri. Zoti pa Lichenya pali miyala ya bokisaiti yopangira aluminiyamu zinadziwika kalekale nthawi ya atsamunda, ndipo nkhani yofuna kukumba imangogona nkudzukanso, boma lililonse imabwera. Mchidikha cha Chambe momwemo anthu anafufuzamo kale miyala ina ya mtengo wapatali ija amati rare earth. Tsiku lomwe mgodi udzatsegulidwe pamwamba paja sipadzafunika kulemba kuti okwera matanthwe ndi oletsedwa, padzangobwera msewu wa mathiraki, fensi, mlonda ndi chikwangwani, basi nkhani yatha. Nde tsiku limenelo adzayankhule ndani? Ife a zingwe mMalawi muno tilipo ochepa kwambiri, tonse titha kukwana mmabasi owerengeka, alendo akunja adzalemba madandaulo pa Facebook nkupita kukakwera ku dziko lina, matanthwe ndi ambiri padziko. Otsala ndi anthu a pa Likhubula, a kwa Mabuka, a kwa Nkanda, a ku Phalombe, omwe ali ndi mafumu, ali ndi mavoti, ndipo akakana chinthu boma limamva. Tinaziona pomwe inkayamba ntchito yotenga madzi a mu Likhubula kupita nawo ku Nguludi ndi mbali zina za Blantyre, anthu a ku Mulanje anaimirira nkufunsa kuti madzi mukutenga, nanga mitengo yosunga madziwo abzale ndani. Kaya munagwirizana nawo kaya ayi, koma mawu awo anamveka dziko lonse. Mawu amenewo ndi omwe thanthwe likufunika, ndipo sitingawapemphe tsiku la mavuto lokha ngati masiku onse timawadutsa osapereka moni.

Mu July 2025 a UNESCO anaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, lachitatu kuno kwathu pambuyo pa paki ya Nyanja ya Malawi mu 1984 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006. Tinasangalala tonse, koma anzanga ambiri sanawerenge chifukwa chake. Sanalilembe chifukwa cha kutalika kwa Chambe kapena kukoma kwa mwala wake ayi, analilemba ngati malo a chikhalidwe, chifukwa cha mmene Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amalilemekezera ngati mokhala mizimu ya makolo. Nkhani zomwe ena amaziseka zija, zoti ukapeza chakudya mphiri udye wekha osaitana mnzako, zoti pa Dziwe la Nkhalamba sipochitira chibwana, zoti pali malo osaloza ndi chala, zimenezo ndi zomwe dziko lapansi lavomereza kuti ndi chuma. Nde munthu wobwera ndi makina nkubowola pafupi ndi phanga la nsembe asaganize kuti akulimbana ndi umbuli wa anthu akumudzi, akuwononga chenicheni chomwe phirili lalemekezedwera.

Za mabawuti ndinene poyera maganizo anga chifukwa nkhaniyi imatigawanitsa. Sindidana nawo. Pamwala wosalala ngati wa Mulanje, popanda mng'alu woika chotchingira, bawuti ndi yomwe imasiyanitsa kugwa mamita awiri ndi maliro, ndipo ngati tikufuna ana a sukulu aphunzire tiyenera kukhala ndi njira zotetezeka bwino. Koma bowo ukabowola wabowola, mwala subwerera. Choncho asanalize makina munthu afunse kaye a zankhalango ngati muli mnkhalango ya boma, afunse amfumu, afunsenso akuluakulu a mmudzi omwe amadziwa kuti mwala uwu ndi wachani, ndipo akamva kuti ayi asakabwere usiku. Ku Dedza nkhaniyi ndi yoopsa kuposa, ku Chongoni kokha kuli malo 127 okhala ndi zojambula, zofiira za Akafula ndi zoyera za makolo a Achewa zokhudza chinamwali ndi gule wamkulu, ndipo zambiri zili pansi pa miyala yopendekeka, mtundu weniweni wa mwala womwe wokwera akauona manja amayabwa. Zina zinafufuma moti ukapanda kuyang'anitsitsa ungaziyese ndere. Ufa wa choko womwe timapaka mmanja ndi mphira wa nsapato zitha kufafaniza mwezi umodzi chomwe chakhala zaka mazanamazana.

Palinso china chomwe anthu a mtauni sitimachimvetsa, mantha. Mu March 2023 namondwe Freddy anagwetsa mapiri, ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu, ku Chilobwe mmunsi mwa Soche, matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba zinatsika usiku nkukwirira mabanja athunthu, anthu opitirira 1,000 anamwalira mdziko muno ndipo ena sanapezeke mpaka lero. Zipsera za napolo zikuonekabe mmbali mwa phiri, mizere yoyera yotsika kuchokera pamwamba. Bawuti ya kutalika ngati chala singagwetse phiri, zimenezo ndikudziwa, koma mayi yemwe anataya ana ake usiku umenewo akamva makina akulira pamwala womwe uli pamwamba pa denga lake, mukufuna aganize chani? Kupita kukamufotokozera, kumuonetsa bawutiyo mmanja, kumulola aigwire, si kutaya nthawi.

Pali anzanga ena, ophunzira bwino ndithu, omwe amati zonsezi ndi masewera a azungu, dziko lili ndi njala inu mukukamba zokwera miyala. Ndimawamva, ndipo mbali ina akunena zoona, zipangizo zake ndi zodula, chingwe chimodzi chabwino, nsapato, hanesi ndi chipewa cholimba ndi ndalama yoti banja la kumudzi lingadye miyezi, ndipo sizipezeka mmashopu athu, zimachita kubwera ndi anthu. Koma zoti kukwera nkwachilendo ndikukana. Pitani pa Likhubula tsiku la mpikisano wa Porters Race muone anyamata ndi atsikana akuthamanga kukwera mpaka pamwamba nkutsikanso mmaola ochepa, njira yomwe mlendo amayenda tsiku lonse, ena atavala nsapato zoti inu simungapite nazo olo kumsika. Onani ana omwe amakwera miyala kutsatira mbuzi, amayi omwe amatsika potsetsereka mtolo wa nkhuni uli pamutu. Mphamvu ilipo, kulimba mtima kulipo, kuwerenga mwala ndi phazi akukudziwa kuposa ife. Chosowa ndi chingwe ndi munthu wowaphunzitsa kumanga mfundo. Ku Lilongwe a Climb Malawi anayamba kale kuonetsa kuti nzotheka, ali ndi khoma lophunzirira ndipo achinyamata achimalawi akukwera, ena akuphunzitsa anzawo. Chomwe ndimafunsa nchoti bwanji khoma lalikulu chonchi lili ku Mulanje koma mwana wa pa Likhubula ntchito yake ikhale yonyamula chikwama cha zingwe mpaka patsinde, nkukhala pansi pamthunzi kudikira eni ake atsike?

Apa mpomwe pali nkhani ya njala yomwe anzangawo amanena. Wonyamula katundu amalipidwa ngati wonyamula katundu, ndipo msana ukatha ntchito yatha. Gayidi wodziwa zingwe, woti atha kutsogolera mlendo pakhoma, kumumangirira, kumutsitsa bwinobwino mvula ikayamba, ameneyo ndi katswiri ndipo mtengo wake ndi wina. Mmaiko momwe masewerawa anakhazikika anthu amadyetsa mabanja ndi ntchito imeneyi. Munthu wotere simungamuuze kuti thanthwe litsekedwe, adzakhala woyamba kufika kwa DC.

Enanso amati bola kungotseka, anthu asamafe. Nzoona phiri la Mulanje limapha, mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands anasowa ku Sapitwa, mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anafera komweko, ndipo onse anali okha pomwe zimawachitikira. Nyengo imasintha mwadzidzidzi, chiperoni chikabwera suona olo dzanja lako, kuzizira kwake nkosasimbika. Pakhoma ngati la Chambe ukavulala pakati palibe ndege yoti ibwere msanga kudzakutenga, odzakunyamula ndi anyamata omwewo a mmidzi. Nde lamulo loti munthu alembetse, anene komwe akupita ndi tsiku lobwera, ayende ndi gayidi, ine ndimaligwirizana nalo kwathunthu ndipo wolizemba akutiwonongera tonse. Koma kutseka ndi nkhani ina. Ukatseka geti umatsekera okhawo omwe amadzera pageti. Wootcha makala sadzera pageti, wocheka matabwa sadzera pageti, woyatsa moto posaka nyama mwezi wa September sadzera pageti. Phiri lopanda alendo ndi magayidi ndi phiri lopanda maso, ndipo nthawi zambiri utsi woyamba kapena kulira kwa sowo amayamba kuzimva ndi anthu omwe ali mnjira.

Za ndalama ya pageti ndingonena mwachidule. Ilipiridwe, risiti iperekedwe, ndipo gawo lina lizioneka ndi maso mmidzi yomwe njira zimadutsa, kaya ndi mjigo kaya ndi mlatho kaya ndi denga la kalasi, chinthu choti munthu aloze nkunena kuti ichi chinachokera kwa anthu okwera aja. Lamulo la zankhalango la 1997 limalola kale kuti boma ndi midzi azisamalira nkhalango mogwirizana kudzera mmakomiti a mmidzi, sitikupempha chachilendo. Komanso mtengo wa Mmalawi ukhale woti mphunzitsi wa pulayimale atha kubwera ndi ana ake a kalasi osachita kukongola.

Kanthu kena kakang'ono koma kamandikhudza. Wokwera njira yatsopano koyamba ndi amene amaitcha dzina, ndi mwambo wa masewerawa kulikonse, nde mukatsegula mabuku ndi masamba a pa intaneti mupeza maina ambiri ndi a Chingerezi. Sindikuti afafanizidwe, anthuwo anavutikira ndipo ena anaika moyo pachiswe. Koma miyala yambiri ili ndi maina kale, agogo athu anaitcha, ndipo wofunsa amauzidwa. Pa kathanthwe kathu kaja titayamba kuyenda ndi anyamata a mmudzi tinadzamva kuti mwala womwe ife timangoutchula ndi nambala uli ndi dzina la Chilhomwe komanso nkhani yake ya mlenje wina wakale. Pano timautchula dzina limenelo, ndipo amfumu atamva mmodzi wa ife akulitchula anamwetulira koyamba chiyambire kutidziwa.

Ulendo wathu womaliza kumeneko mvula isanayambe, mdzukulu wa mayi aja anatitsatira, mtsikana wa Fomu 2. Anakhala pamwala nthawi yaitali akungoyang'ana, kenaka anandiyandikira nkufunsa motsitsa mawu, "Ankolo, atsikana amaloledwa?" Tinatuma mwana kukapempha kaye kwa agogo ake, anavomera, nde mnzathu wamkazi anamubwereka buluku nkumuveka hanesi. Nsapato zathu zonse zinamukulira choncho anakwera ndi mapazi, zala zikugwira timabampu tomwe ine sindinkationa nkomwe, osayang'ana pansi olo kamodzi, ndipo pomwe ine mwendo unandinjenjemera tsiku loyamba iye anangodutsa. Atafika pamwamba anakhala chete kaye kenaka anakuwa kuti akuona nyumba yakwawo ndi agogo ake ali pabwalo.

Potsika anafunsa kuti zingwezi mumazisiya kuti mukamapita. Tinamuuza zoona, kuti timabwerera nazo ku Blantyre. Sananene kanthu, anangothandiza kukulunga chingwecho nkuchiika mchikwama.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikukangana ndi anzanga pa gulu lathu la WhatsApp kuti tisonkhe, chingwe chimodzi ndi mahanesi awiri ndi zipewa zizikhala konko mmanja mwa mmodzi wa anyamata aja, tikamuphunzitsa mokwanira kumangirira ndi kutsitsa munthu. Ena akuopa ngozi, ati mwana akavulala ife kulibe mlandu udzakhala wa ndani ndipo mudzi udzatitsekeranso, nkhawa imeneyo njomveka ndipo sindikuipeputsa, nchifukwa chake ndikuti maphunziro ayambe kaye ndipo amfumu ndi makolo akhalepo pogwirizana malamulo ake. Ena akuti chingwe chidzakamangira mbuzi, amenewo ndawayankha kuti abwere adzanene mawu omwewo pamaso pa mtsikana uja. Mpaka pano tavomera anthu anayi, tikufunika asanu ndi awiri kuti ndalama ikwane, ndipo mvula ikangosiya tikupitanso kwa amfumu ndi nkhani imeneyi pamodzi ndi ya chimbudzi chomwe tinalonjeza kukumba kutali ndi mtsinje.